Kodi Mame Angasungidwe m'Kabati?

Pabalaza pa nyumba yanga pali kabati ya magalasi imene akunyumba anagula kuti muzikhala mbale za alendo. Lero mbalezo zili m'katoni kuchipinda, ndipo m'kabatimo mwadzaza zimbale za kanema. Ndinaziwerenga sabata yatha, zinakwana 143. Alendo akafika amayamba kuzisuzumira ndi chidwi, koma chidwicho sichichedwa kuzirala, chifukwa akafunsa kuti ya nkhondo ndi iti, ndimayankha kuti palibe. Ya ufiti palibe, ya apolisi othamangitsana ndi mbava palibenso. Mnzanga wina wa kuofesi, munthu wosadziwa kubisa mawu, nditamuikira imodzi anapirira kwa mphindi 20, kenaka anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Achimwene, kodi kanemayu ayamba nthawi yanji?"

Sindinamuseke poti nanenso ndinakulira momwemo. Ife amene tinali anyamata m'zaka za m'ma 1990 kanema tinamudziwira m'tizisakasa ta vidiyo, momwe tinkalipira makobidi pakhomo n'kupanikizana pa mabenchi, thukuta lili kamukamu, kudikira kuti Bruce Lee kapena Rambo athane ndi adani ake. Wailesi ya kanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999, kenaka kunabwera mafilimu a ku Nigeria ndi mfuu zawo, asing'anga awo ndi apongozi awo ankhanza. Kwa ife kanema anali malo amene zinthu zimachitika. Munthu afe, galimoto iphulike, chinsinsi chiululike. Zopanda zimenezi tinkaziona tokha kunyumba, ulere.

Chimbale choyamba cha m'kabatimo ndinachipeza mu 2012 pa mulu wa katundu wakale wochokera kunja, pakati pa mapoto, zidole ndi nsapato, mumsika wina muno mu Lilongwe. Ndinachitenga chifukwa wogulitsayo analibe chenji. Anali kanema wa ku Japan wa mu 1953, dzina lake Tokyo Story, wokonzedwa ndi Yasujiro Ozu, wa zithunzi zakuda ndi zoyera, wotalika maola awiri ndi mphindi zingapo.

Nkhani yake ingathe kukambidwa pa mtunda wochokera pakhomo kufika pachitsime. Nkhalamba ziwiri, Shukichi ndi mkazi wake Tomi, zinyamuka pa sitima kuchokera kwawo ku Onomichi, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, kukaona ana awo ku Tokyo. Mwana wamkulu, Koichi, ndi dokotala wa kachipatala kakang'ono kunja kwa mzinda. Wamkazi, Shige, ali ndi saluni. Anawo awalandira bwino ndithu, palibe wowanyoza kapena kuwapitikitsa. Koma tsiku limene Koichi anakonza zokawaonetsa mzinda, kubwera uthenga woti mwana wina wadwalika, ulendo n'kulephereka. Shige ali ndi makasitomala. Mwamuna wake akagulira apongozi makeke odula, iye akudandaula kuti n'kuononga ndalama. Potsiriza anawo asonkherana n'kutumiza makolo awo ku Atami, malo a akasupe a madzi otentha, ati akapumeko, koma chenicheni n'chakuti pakhomo papepuke. Kumeneko achinyamata akuchezera njuga ndi nyimbo usiku wonse, ndipo nkhalambazo zigona chopenya, zikudzikupiza mumdima.

Yekhayo amene awapatsa nthawi si mwana wawo wobereka ayi. Ndi Noriko, mkazi wa mwana wawo amene anapita kunkhondo osabwerako, zaka 8 zapitazo. Iye ndi kalaliki wamba, amakhala m'kachipinda kamodzi, koma apempha tchuthi cha tsiku limodzi kuti awakweze basi yoonetsa alendo mzinda, ndipo madzulo akabwereka kamowa pang'ono kwa mnansi kuti apongozi aamuna anyowetse kukhosi. Nkhalambazo zibwerera kwawo. Tomi adwala, amwalira. Ana abwera kumaliro, alira misozi yeniyeni, ndipo mwambo utangotha akwera sitima kubwerera ku ntchito zawo. Basi, nkhani ndi yomweyo.

Usiku umene ndinamuonera koyamba sindinamvetse chimene chinandigwira. Ndinkayembekeza kuti wina akalipa, kapena kuti Shige alandira chilango monga zikanakhalira m'filimu ya ku Nigeria. Palibe chinachitika. Koma m'mawa mwake ndili pa desiki, mafayilo ali mbwee, ndinapezeka ndikuganiza za gogo Tomi ali pamtumbira wa mtsinje ndi kamdzukulu kake kamene kakuthyola udzu kosamulabadira, iye akudzifunsa chamumtima ngati adzakhalepo kamwanako kakadzakula.

Pambuyo pake ndinayamba kufufuza za munthu ameneyu. Ozu anabadwa pa 12 Disembala 1903 ndipo anamwalira pa 12 Disembala 1963, tsiku lenileni limene anakwanitsa zaka 60. Sanakwatirepo, anakhala ndi mayi ake mpaka iwo atamwalira mu 1962, komabe pafupifupi makanema ake onse a kumapeto ndi okhudza mabanja: mwana wamkazi wokwatiwa, bambo wotsala yekha, ana otalikirana ndi makolo. Anthu akamunena kuti akungobwereza zomwezomwezo, ankadziyerekeza ndi munthu wopanga tofu, chakudya wamba cha soya cha kwawoko, amene ntchito yake ndi imodzi yomweyo tsiku ndi tsiku. Kamera yake ankaiika pansi, pa msinkhu wa munthu wokhala pamphasa, ndipo kawirikawiri sinkasuntha. Pakati pa zochitika amakuonetsa khonde lopanda munthu, zovala pachingwe, utsi wa fakitale, ketulo pakona. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti zimene ena amaziyesa mtima wa nkhani iye amazilumpha. Mu Late Spring wa mu 1949, nkhani yonse ikuzungulira pa ukwati wa mwana wamkazi, koma ukwatiwo sitiuona, ngakhale mkwatiyo nkhope yake sitiiona. Chimene tiona ndi bambo atabwerera m'nyumba yopanda munthu, atakhala pampando, akusenda apozi mpaka khoko ligwa pansi.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Makanema amenewa ndi a anthu odekha, ndipo dziko linachedwa kuwadekhera. Eni ake ku Japan ankaganiza kuti alendo sangawamvetse, motero sanafulumire kuwatumiza kunja. Tokyo Story anapata mphoto ku London mu 1958, koma ku America anadzatchuka ataonetsedwa ku New York mu 1972, mwini wake atagona kale m'manda ku Kamakura. Mu 2012, chaka chomwe ine ndinamutola pa mulu wa mapoto, magazini ya ku Britain ya Sight and Sound inafunsa akatswiri okonza makanema a m'maiko osiyanasiyana kuti atchule makanema opambana, ndipo ameneyu ndiye anakhala patsogolo pa onse. Ine izi sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti ndikufuna wina wotere.

Apa ndi pamene matenda a kabati anayambira. Ndinaphunzira kuti kunja kuli anthu ambirimbiri amene amatolera makanema a mtundu umenewu monga ena amatolera masitampa. Ku America kuli kampani ya Criterion, imene inayamba mu 1984, yomwe imatsuka makanema akale n'kuwatulutsa m'zikuto zokongola, muli timabuku tofotokoza, ndipo pamsana pa chikuto chilichonse pali nambala. Nambala imeneyo ndi msampha woopsa. Ukakhala ndi zimbale ziwiri zoyandikana manambala, mpata wa pakati pake umayamba kukuyang'ana ngati dzino loguluka. Ku Britain nako bungwe la BFI latulutsa makanema ambiri a Ozu. Ndinayamba kuvutitsa abale a ku Johannesburg ndi mlamu wanga wa ku Leeds kuti akamabwera asaiwale kaphukusi kanga. Ndinadziwanso mochedwa kuti zimbale zimakhala ndi zigawo za dziko, kuti cha ku America chimakana kusewera pa makina ogulidwa kwina, ndipo ndinagulanso makina ena. Akunyumba anangoti, "Bambo a Tadala, mbale zanga ndiziika kuti?"

Pambuyo pa Ozu panabwera ena a mtima womwewo. Still Walking wa Hirokazu Kore-eda, wa mu 2008, m'mene banja likumana tsiku limodzi kukumbukira mwana amene anamira m'nyanja, ndipo nthawi yambiri tili kukhitchini ndi mayi akukazinga chimanga. Paterson wa Jim Jarmusch, wa mu 2016, wa dalaivala wa basi amene amalemba ndakatulo m'kope, sabata imodzi ya moyo wake kuyambira Lolemba, ndipo tsoka lalikulu m'kanema yense ndi lakuti galu wang'amba kopelo. Monga munthu amene nanenso ndimalemba tinthu tanga ntchito ya boma ikatha, galu ameneyo sindinamukhululukire mpaka lero.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti n'chifukwa chiyani makanema achete ngati amenewa ndi amene amakoka osunga. Yankho loyamba ndi losavuta. Kanema wa chinsinsi ali ngati nzimbe: ukatafuna kamodzi, madzi atha, chotsala n'kulavula. Ukadziwa amene anapha munthu, ubwererenso kukatani? Koma kanema amene mulibe chinsinsi satha, poti palibe choti chiululike. Ali ngati nyemba zogonera, zimene zimakoma tsiku lachiwiri kuposa loyamba. Ndipo chimene chimasintha si kanemayo koma woonerayo. Ndili ndi zaka za m'ma 30 ndinkagwirizana ndi Kyoko, mwana wotsiriza, mphunzitsi, amene maliro atatha anakwiya ndi kudzikonda kwa akulu ake. Lero ndikaonera ndimapezeka ndikumvetsa Koichi, ndipo kumvetsako kumandichititsa mantha. Chinthu chimene umafuna kubwererako zaka zilizonse uyenera kukhala nacho pafupi. Sungachisiye m'manja mwa intaneti, makamaka kuno kumene bandulo imatha nkhalamba zisanafike n'komwe ku Tokyo.

Yankho lachiwiri ndi lolemekezeka kwambiri, ndipo osunga timakonda kulitchula. Zinthu zimatayika. Makanema ambiri amene Ozu anakonza ali mnyamata, nthawi imene kanema analibe mawu, kulibenso, palibe adzawaonenso. Wina wa mu 1929, Tokkan Kozo, ankayesedwa wotayika mpaka mbali zake zinapezeka pa timatepi tating'ono timene kale tinkagulitsidwa kuti anthu azionera kunyumba. Ndiye kuti munthu wina wamba, amene mwina mkazi wake ankamudandaulanso za malo, ndi amene anapulumutsa chimene kampani yaikulu inalephera kusunga. Ngakhale masiku a intaneti ano zinthu sizinasinthe kwenikweni. FilmStruck, malo a pa intaneti amene ankaonetsa makanema otere kwa olipira pamwezi, anatsekedwa mu 2018, ndipo amene ankadalira kumeneko anadzuka alibe kanthu m'manja. Wosunga chimbale tsiku limenelo anagona tulo tabwino.

Mayankho awiriwa ndi oona, ndipo kwa zaka zingapo anandikwanira. Koma pali lachitatu limene sindinkafuna kuliyang'ana.

Makanema onsewa amanena chinthu chimodzi, chakuti tsiku wamba limene tikuliona ngati lopanda kanthu ndilo moyo wathu weniweni, ndipo likadutsa ladutsa. Kwathu timati mlendo ndi mame. Tsono taganizani za munthu amene wamva uthenga umenewu, wagwedezera mutu, wapukuta misozi, kenaka n'kuthamanga kukagula uthengawo m'chikuto chokongola, kuuika m'kabati n'kutseka galasi. Kodi munthu ameneyu wamva, kapena wapeza njira yaulemu yothawira zimene wamvazo? Mame amene kanema akunena kuti sagwirika, iye akuti wawagwira, ali pa shelefu yachiwiri, pali nambala.

Mu Tokyo Story muli kachigawo kamene kale ndinkakaonera ndi mtima woweruza. Maliro atatha, banja lili pa chakudya, Shige akumbukira zovala zina za malemu mayi ake, ndipo apempha pomwepo kuti azitenge zikhale chikumbutso. Mayi amene iye analibe nawo nthawi ali moyo, amene anawabisa kwa kasitomala wake powatchula kuti ndi anthu odziwana nawo chabe ochokera kumudzi, tsopano akufuna nsalu yawo. Sindikukayika kuti nsaluyo anakaisunga bwino, mwina kuposa mmene wina aliyense akanaisungira. Noriko sanapemphe kanthu. Anatsalira masiku angapo kuthandiza pakhomo, ndipo tsiku lonyamuka nkhalamba ija inamupatsa yokha wotchi ya malemu. Onse awiri anachoka ndi chinthu m'manja. Wina anatenga chinthu m'malo mwa nthawi imene sanapereke, wina analandira chinthu chifukwa cha nthawi imene anapereka. Ukaziika pa shelefu, nsalu ndi wotchi sizisiyana. Ndani angadziwe poyang'ana pagalasi?

Ndikunena izi chifukwa pamwamba pa kabati yanga pali wailesi yakale ya malemu bambo anga. Anamwalira mu 2016. M'zaka zawo zotsiriza ndinkapita kumudzi kawiri pachaka, ndipo ndikafika ndinkakhala nawo pakhonde mwina ola limodzi, foni ili m'manja, ndikuyankha za kuofesi. Iwo ankakonda kufotokoza za ulendo wawo wa ku migodi, nkhani yomweyo imene ndinaimva kambirimbiri, ndipo ndinkaidula mwaulemu ndi funso la feteleza. Koma tsiku logawa katundu wawo, ine ndi amene ndinayamba kutchula wailesi. Ndinaikulunga m'chitenje, ndinaipukuta, ndinaigulira malo. Siyankhulanso, koma fumbi siliyandikira. Zinanditengera zaka kuti ndione kuti munthu amene ndinkamuweruza m'kanema uja ndimamuona m'galasi la kabati ndikamapukuta.

Pamenepa wina anganditsutse kuti ndikudziimba mlandu wopanda pake. Anganene kuti luso limaphunzitsa maso, kuti munthu amene wazolowera kuyang'ana ketulo ya Ozu kwa masekondi angapo osatopa amayamba kuonanso ketulo ya kunyumba kwake. Zimenezi ndikuzivomera pang'ono. Ndikudziwa kuti masiku ano ndimaona zinthu zimene kale zinkandidutsa: mmene mesenjala wa kuofesi amapindira nyuzipepala yakale asanakhalepo, mmene akunyumba amayesera kutentha kwa simbi ndi chala chonyowa. Koma kuona si kupereka. Misozi ya pa kanema ndi yotsika mtengo. Nkhalamba za m'chimbale sizipempha ndalama ya mankhwala, sizidwala pakati pa mwezi malipiro asanatuluke, sizikufunsa chifukwa chimene ana ako sayankhulira bwino Chichewa. Ukatopa nazo umadina batani, zimaima chilili, fani ili m'mwamba, mpaka utabwerako. Kholo lenileni lilibe batani. Choopsa n'chakuti munthu ukalira ndi nkhalamba za ku Onomichi umadzuka ukudzimva kuti ndiwe wachifundo, ngati kuti ngongole ina yake wabweza, pamene amene uli nawo ngongole sanalandire kalikonse.

Komabe sindikufuna kuumitsa mlandu kuposa mmene Ozu mwini anauumitsira. Iye sanapange Koichi kukhala chilombo. Mwana amene anadwala tsiku lija anadwaladi, ndipo dokotala wabwino amapita. Shige akatseka saluni, pakhomo sadya. Ngakhale Noriko, amene tonse timamutama, anakana kutamidwa. Anauza Kyoko kuti ana akakula amakhala ndi moyo wawo, ndipo kuti nayenso adzasintha chimodzimodzi, ndiponso anaulula kwa apongozi ake kuti pamapita masiku osamukumbukira n'komwe mwamuna wake. Ine wogwira ntchito ya boma ndikudziwa mmene Lachisanu limadyera Lolemba, mmene msonkhano wa kunyanja umagwera sabata yomwe unalonjeza kupita kumudzi. Palibe amene amakhala pansi n'kusankha kuti makolo awataye. Zimangochitika, kafayilo kamodzi pa nthawi, ndipo n'chifukwa chake zilibe ng'oma yochenjeza.

Mu 2023 Wim Wenders, Mjeremani amene amalemekeza Ozu kwambiri moti mu 1985 anatulutsa kanema womufunafuna m'misewu ya Tokyo, anakonza Perfect Days. Mwini nkhani anamutcha Hirayama, dzina la banja lija la mu Tokyo Story, ndipo Koji Yakusho amene anasewera mbaliyo anapata mphoto ku Cannes. Hirayama amatsuka zimbudzi za mumzinda. Nayenso ndi wosunga: ali ndi makaseti a nyimbo, mabuku akale otsika mtengo, ndi zithunzi za kuwala kodutsa m'masamba a mitengo zimene amajambula pa nthawi ya nkhomaliro n'kuziika m'zitini. Mnyamata amene amagwira naye ntchito atamutengera kusitolo kumene anauzidwa kuti makasetiwo tsopano ndi a ndalama zambiri, iye anakana kugulitsa, m'malo mwake anapatsa mnyamatayo ndalama za m'thumba mwake. Kanemayu ananditonthoza poyamba, ndinati nayu wosunga wopanda mlandu. Koma nditamuoneranso ndinazindikira kuti makaseti a Hirayama sakhala kuseri kwa galasi. M'mawa uliwonse imodzi imalowa m'galimoto n'kuimba. Ndipo mwana wa mlongo wake atathawa kwawo n'kufika pakhomo pake usiku mosayembekezeka, anamusiyira chipinda chake, iye n'kukagona mopanikizika pakati pa katundu. Ine m'kabati mwanga muli zimbale 30 kapena kuposerapo zimene sindinazichotse n'komwe m'pulasitiki.

Chaka chatha Amayi anabwera kuno kudzaonetsa maso kuchipatala. Anakhala masiku 9. Ndinawachitira zonse zimene mwana wabwino amachita: ndinalipira, ndinawagulira nsapato, ndinapempha mphwanga kuti aziwaperekeza poti ine inali sabata ya malipoti. Madzulo ndinkafika mochedwa, kuwapatsa moni, kuwafunsa ngati adya, n'kuwasiyira wailesi ya kanema kuti azionera kwaya. Usiku wachisanu ndi chiwiri, nyumba yonse itagona, ndinatulutsa Tokyo Story, ndinatsitsa mawu, n'kukhala ndekha pabalaza. Sindinaone chachilendo chilichonse pa zimene ndinkachitazo. Ndinali wotopa, ndipo ndinkafuna kanthu kondikhazika mtima pansi.

Ndinangomva chitseko cha kuchipinda chikulira. Amayi anatuluka atafunda chitenje, ati tulo sitikubwera. Mpando anaukana monga mwa masiku onse, anakhala pansi pa kapeti, miyendo atatambasula, mutu wawo uli pa msinkhu womwewo umene Ozu ankaikapo kamera.

"Kodi Matchainawa amakhala pamphasa ngati ife?" anafunsa.

Ndinati ndi a ku Japan, Amayi. Ndinayamba kuwamasulira mawu olembedwa m'munsi aja, chiganizo ndi chiganizo, koma patapita kanthawi anakweza dzanja.

"Basi bambo a Tadala, musavutike. Ndikuona ndekha. Agogowa abwera kudzaona ana."

Tinaonera chete. Pamene ulendo wokaona mzinda unalephereka, gogo Tomi atavala kale zapaulendo, ndinamva nkhope yanga ikutentha. Ndinkafuna kudina batani koma ndinaopa kuti zioneka. Amayi sanandiyang'ane. Anangoti, "Mwanayo ndi dokotala eti? Aa, ndiye achite bwanji. Odwala sangadikire." Atafika ku Atami, nkhalamba zija zikulephera kugona ndi phokoso, anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Kwa eni kulibe tulo." Noriko atatulukira ndi kambale ka chakudya anafunsa kuti ameneyu ndi mwana wachingati, ndipo nditawauza kuti ndi mpongozi wamasiye, anangoti, "Ehe," n'kugwedeza mutu nthawi yaitali, ngati munthu amene wamva nkhani imene akuidziwa kale.

Magetsi anathima nkhalambazo zili pa siteshoni, zikudikira sitima yobwerera kwawo. Tinakhala mumdima. Ndinkayembekeza kuti adzuka, koma sanadzuke, ndipo nanenso sindinapite kukafuna kandulo. Anayamba kundiuza za mbuzi imene inadya fodya wa a mfumu, za denga la khitchini limene likudontha, za mtsikana wa kutsidya amene wabereka mapasa. Kenaka anafotokoza za tsiku limene bambo anabwera kuchokera ku migodi atanyamula wailesi ija paphewa, mudzi wonse ukuwatsatira pambuyo, ndi mmene usiku umenewo anthu anakhalira pabwalo mpaka mabatire anatha. Nkhani ya ku migodi ndinaimva kambirimbiri, koma mbali iyi ndinali ndisanaimvepo. Mwina inkabwera kumapeto, kumene ine ndinkakhala nditadula kale. Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Foni inali kuchipinda.

Masiku awiri otsalawo ndinabwereranso ku malipoti, sindinama. Loweruka m'mamawa ndinawaperekeza kudepoti, ndinawapezera mpando wa pawindo, ndinawapatsa ya panjira. Chimbale chija ndinachibwezera pamalo pake.

Patapita sabata ndinawaimbira foni kufunsa za maso. Anati akuona bwino tsopano, mpaka akutha kulowetsa ulusi pa singano. Tinakamba za mvula ndi za mbewu. Nditatsala pang'ono kutsanzika anati, "Ndinaiwala kufunsa. Agogo aja a pa siteshoni, anafika bwino kwawo?"

Ndinayang'ana kabati, ndinayang'ana wailesi pamwamba pake.

"Anafika, Amayi," ndinatero.

"Chabwino," anayankha. "Ndimangowaganizira."